Eriyo ya a Rozina

Dominiko anandipeza pa benchi yanga mumsika wa Ndirande Lachitatu masana, ndikulimbana ndi mayi wina amene ankafuna kadiresi ka kaunjika pa mtengo wa tomato. Anaima pambali manja kumbuyo, kudikira kuti timalize. Mwana ameneyu ndi wa achemwali anga a Rozina, koma wakulira m'nyumba mwanga kuyambira ali Fomu 1, ndiye akaima choncho ndimadziwa kuti pali nkhani.

"Mayi aang'ono, andipatsa Lamulungu likubwerali."

"Akupatsa kuti utani nalo?"

"Nkhani za masana. Amene amamasulira masiku onse aja apita kumaliro. Akuti ndiyese ineyo. Ndi tsiku limodzi lokha, kaya adzandiitananso kaya ayi."

Kadiresi kaja ndinangokasiya m'manja mwa mayi uja. Dominiko anali atatha nsapato kupita ku nyumba ina ya TV, kudikira kuti tsiku lina adzamuike m'kabokosi ka pakona kaja, momwe mumaima munthu womasulira nkhani ndi manja. A Rozina samva. Makutu anatseka ali kamtsikana atadwala malungo aakulu, ine ndili kumsana. Ndiye mwana wawo kuima pa TV n'kumalankhula ndi manja, imeneyo sinali nkhani yoti adzachite kuuzidwa ndi anthu.

"Amayi ako wawauza?"

Anandionetsa foni. A Rozina akamalemba meseji amaumira zilembo. Anangoti: "Zikomo mwana. TV mabokosi."

Achemwali angawo anabwerera kumudzi, kuseri kwa Sorjini, alamu atamwalira. Dominiko anawagulira sola, batire ndi ka TV, ndipo poyamba zinkayenda. Chithunzi chinkabwera ndi mpunga wambiri, komabe munthu unkamuona kuti uyu akukweza dzanja, uyu akugwedeza mutu. Kenaka kunabwera za madikoda zija. Ife ku Ndirande tinasangalala, chithunzi chowala mpaka kuona thukuta la wowerenga nkhani. Kumudzi zinakhala zina. Dikoda ilibe chisoni. Ikagwira yagwira, ikapanda kugwira bwino munthu amauma pamalo amodzi n'kusweka timabokosi timabokosi. Anyamata a kwaya anakawamangirira eriyo pa denga, atamva mawu akutuluka anati zatheka, n'kumapita. Sanachite dala. Ife akumva TV timaitchera ndi makutu. Koma munthu wolankhula ndi manja chithunzi chikaima, ndiye kuti mwamugwira pakamwa.

"Ndikanapita ndekha," anatero Dominiko, "koma Loweruka akundifuna kuti ndikayeserere."

Abambo akunyumba anali pa shifiti ku Makata, komanso iwowo manja awo amangodziwa kupereka moni ndi kupempha madzi. Ndinati ndipita ine. Dominiko anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine ndi thupi langali, n'kuyamba kuseka. Ndinamuuza kuti aziseka bwino, matewera ake ndinachapa ndine.

Kuseri kwa msika kuli a Chikopa okonza ma TV, ndipo mng'ono wawo amawotcherera zitsulo pomwepo. Nditawafotokozera anavula magalasi.

"Kuchigwa? Mayi, kumene kuja eriyo ya pa denga ndi chidole. Pamafunika kukwera. Ipose nyumba, ipose mitengo."

Anandisankhira eriyo yaitali ya nthiti zambiri, kabusita kowonjezera mphamvu komangirira m'munsi mwa eriyo momwemo, ndi kebulo yaitali yosalumikiza pena paliponse. Anati polumikiza ndi pomwe chithunzi chimathawira. Mng'ono wawo anadula paipi ya madzi zidutswa zitatu, chilichonse chotalika kuposa chitseko, n'kuika mazinga kumapeto kuti ndikangolowetsa china m'chinzake. Kenaka a Chikopa anandiphunzitsa pa dikoda yawo.

"Mukadina apa mukuona mizere iwiri. Wapamwambawu usakunamizeni, umadzadza ngakhale palibe kanthu. Wapansiwu ndi umene mukufuna. Ndipo musakalimbane ndi kuloza ku mlongoti wa pa phiri la Mpingwe ngati muli ku Bangwe. Mukazungulitse pang'ono, muime, mudikire kaye. Dikoda imachedwa kuganiza."

Loweruka ndinalawira. Abambo akunyumba anandiperekeza mpaka m'tauni pa siteji ya maminibasi a ku Nsanje, mapaipi paphewa, ine eriyo m'manja nditaikulunga chitenje ngati mwana wopita naye ku sikelo. Minibasi tinaipeza yotsala anthu awiri kuti idzadze, ndipo ndinathokoza Mulungu msanga. Nditangokhala pansi, anyamata amene anali pa mipando yakumbuyo anayamba kutsika mmodzimmodzi, kukakhala mu minibasi ina. Anali aganyu ongonamizira kudzadza. Zaka zonsezi ndili m'tauni amandipusitsabe.

Kondakitala anayang'ana mapaipi aja n'kukanda chibwano.

"Masiteni, zitsulozi zilipira."

"Zikhala pampando?"

"Zikhala pansi, koma zikudutsa mizere yonse."

"Ndiye uzifunse zokha ndalamayo."

Tinakangana mpaka anthu anayamba kuseka, mapeto ake ndinazilipirira theka la munthu. Mapaipi analowa pansi pa mipando kuchokera kubuti, aliyense n'kupondapo. Eriyo ankafuna kuiponya pamwamba pa matumba a kabichi, koma pamenepo ndinakanitsitsa. Ndinaigoneka pamiyendo, mutu wake pa ine, mchira pa mayi amene anakhala pambali panga.

"Pepani mayi, ikukubayani."

"Isiyeni, ndanyamulapo zoposa apa."

Anati ndi mayi Alufandika a ku Nchalo, amuna awo amadula nzimbe. Ankachokera ku Zingwangwa kokaona mdzukulu wawo woyamba, ndipo tisananyamuke n'komwe ndinali nditadziwa kuti mwanayo mphuno anatengera kuchimuna, zomwe sizinawasangalatse.

Tinanyamuka dzuwa litakwera. Dalaivala anayamba wazungulira m'tauni kufuna munthu mmodzi wowonjezera, kenaka kukathira mafuta, kenaka kukaima pa Green Corner kudikira katundu wa munthu amene sanabwere. Pa Milare tinaima, pa Chadzunda tinaima, pa Madziabango mayi wina anatsika kukagula nthochi ife tonse tikumuyang'ana. Ndinkangodziuza kuti ndili ndi tsiku lathunthu, ndikafika madzulo kukadali kowala.

Kutsika mapiri aja sindikukonda. Msewu umakhota ngati wakwiya, mabuleki amanunkha, ndipo mapaipi ankatsetserekera kutsogolo n'kumagunda zidendene za anthu. Bambo wina wa kutsogolo anatembenuka kufunsa ngati ndikukamanga mjigo. Kutentha kunayamba kulowa pa zenera tisanafike n'komwe pansi. Pa Thabwa wapolisi anasuzumira, n'kuona chinthu cha nthiti chitafunda chitenje pamiyendo pathu.

"Amayi, mwanyamula chiyani?"

Ndinavundukula. Anaiyang'ana mosirira.

"Ikakagwira mudzandiuze pobwerera. Yanga kunyumba imangoonetsa mabokosi."

Tinawoloka Shire, n'kukaima pa Dyeratu nthawi yoti munthu akanatha kuchapa ndi kuyanika. Ena anatsika, ena anakwera, wina ndi nkhuku, wina ndi matiresi. Mayi Alufandika anagula mazira owiritsa ndi madzi ozizira a m'majumbo, n'kundipatsa osandifunsa. Nditati ndibweze anandigwira dzanja.

Tayala linaphulika titangopitirira pa Bereu. Minibasi inavina pang'ono, dalaivala n'kuikokera kumbali bwinobwino, pamenepo ndimuyamikire. Tonse tinatsika. Amayi tinapita pansi pa mtengo kutsidya kwa msewu, ine eriyo yanga m'manja, kuopa kuti wina angaikhalire. Amuna anazungulira tayala, aliyense ndi nzeru zake. Manati anali atadya dzimbiri, sipanala inakanika. Ndinkamva akutukwanizana koma sindinalabadire, maso anga anali pa mwana wina amene ankafuna kuthyola nthiti ya eriyo.

Ndinadzidzimuka nditamva wina akuti, "Dumphirani nonse awiri."

Kuyang'ana, kondakitala wasolola paipi yanga imodzi, walowetsa chogwirira cha sipanala m'kamwa mwake, ndipo iye ndi bambo wa mjigo uja aima pamwamba pake akudumpha. Ndinathamanga, ine amene sindinathamangepo kuyambira pa ukwati wanga. Ndimafika nati yomaliza itamasuka, amuna akuwomba m'manja. Paipi inali itapindika pakati, kukamwa kutaphwanyika, mazinga onse atatha. Inali yapakati, yomwe imalumikiza ziwiri zinazo.

"Iwe, unandifunsa?"

"Masiteni, tikanagona pano."

"Ndati unandifunsa? Si iwe unailipiritsa ngati munthu? Anthu ako umawadumphira chonchi?"

Dalaivala anati chitsulo ndi chitsulo, ndikawongola. Ndinamuuza zina zomwe sindingalembe pano, poti ndine wa m'bungwe la amayi kutchalitchi. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu paipi ija pamiyendo, n'kuyamba kulira, ine mayi wamkulu, anthu onse akuona. Mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa a Chikopa anali atanena kuti chofunika ndi kukwera, ndipo kukwerako ndi kumene anali atangokuthyola.

Atatsitsa sipeya anapeza kuti nayo ilibe mpweya. Kondakitala anaikweza pa kabaza kubwerera nayo ku Dyeratu, ndipo sanachedwe kunyamuka, ndikhulupirira ankathawanso ine.

Tinadikira. Mthunzi unkasuntha, ife n'kumasuntha nawo. Magalimoto a nzimbe ankadutsa, maminibasi ena ankachepetsa liwiro, kuona unyinji wathu ndi katundu, n'kupitirira. Wa nkhuku anapeza matola n'kutisiya. Mayi Alufandika anandisiya ndilire mpaka ndinamaliza, kenaka anandipatsa malambe kuti ndizimumunya.

"Komatu mayi, TV yake ndi yotani yoliritsa munthu chonchi?"

Ndinawafotokozera. Kenaka anafunsa funso lomwe anthu ambiri amaliopa.

"Nanga mwanayo kulankhula anaphunzira kwa ndani?"

Ndinawauza kuti a Rozina anapitako zaka zingapo ku sukulu ya ana osamva ya masisitere, ndipo n'komwe anakumana ndi alamu, nawonso osamva, amene anadzakhala kalipentala ku Bangwe. Dominiko anabadwira m'nyumba yopanda phokoso. Anayamba kupempha bere ndi manja pakamwa pasanatuluke liwu. A Rozina zinkawadetsa nkhawa kuti mwana wakumva angakule osadziwa kulankhula chifukwa cha iwo, ndiye anasunga ndalama za zoluka zawo n'kugula wailesi. Wailesi yoti iwo sadzaimva. Ankaiika pafupi ndi mphasa ya mwana, n'kuika chikhatho pamwamba kuti amve kunjenjemera, akamva ndiye kuti yayaka. Tsiku lina ndinawapeza akuchapa panja mosangalala, m'nyumba wailesi ikungoti shiii, yachoka pa siteshoni kaya kuyambira liti, mwana ali phee kumvetsera. Nditawauza anakhala pansi. Tinatenga utoto wa m'zikhadabo n'kuika kadontho pomwe muvi uyenera kuima.

"Mayi iwe," anatero mayi Alufandika motsitsa.

Ndinawauzanso kuti Dominiko asanayambe sukulu n'komwe anali kale pakamwa pa makolo ake. Kuchipatala ndiye, kwa alandilodi ndiye, kutchalitchi ankamuimika pa benchi kuti azifotokoza ulaliki. Koma atakula pang'ono anzake anayamba kumuseka, kumuyerekeza ndi manja akamadutsa. Panali zaka zomwe akamayenda ndi amayi ake mu Limbe manja ankawabisa m'thumba. A Rozina anaona. Sanamukalipire, anangoyamba kuyenda kumbuyo pang'ono, ngati sali limodzi. Zimenezo zinatha, mwana anabwerera yekha, koma ine ndinaziona ndipo sindinaiwale. Ndiye mawa manja omwewo akawatulutsa dziko lonse likuona.

Mayi Alufandika anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kudzuka kupita kwa amuna aja. Sindinamve zomwe anawauza. Ndinangoona bambo wa mjigo uja watenga paipi yanga, waipanikiza pa kalavati, akuyesa kuiwongola ndi anzake. Inawongoka pang'ono, koma kukamwa kunali kutapita.

Kondakitala anabwera dzuwa litapendeka. Mu minibasi munalibenso nthabwala. Tinafika pa Nchalo kukuyamba kuda, dalaivala n'kulengeza kuti galimoto yathera pompa, sangapitirire opanda sipeya. Anthu opita kutsogolo anatigulitsa ku minibasi ina, koma inali yodzadza kale, ndipo kondakitala wake ataona mapaipi anangopukusa mutu. Ndinatsala ndekha pa siteji ndi katundu wanga.

"Tiyeni kwathu," anatero mayi Alufandika. "Mulawira mawa."

Kondakitala wathu uja anasenza mapaipi osauzidwa, mpaka pakhomo pawo. Powatula anamasula malegeni omwe ankamangira chitseko cha kubuti, n'kundipatsa.

"Masiteni, ndamva. Pepani. Tengani awa, mwina akathandiza."

Ndinalandira. Kukhululuka ndinali ndisanakhululuke, koma malegeni anali abwino.

Madzulo omwewo Dominiko anaimba. Ndinamuuza kuti ndili pa Nchalo, ndifika m'mawa. Za paipi sindinatchule, mwana anali ndi zake zomudetsa nkhawa. Anati amuuza kuti avale malaya akuda kuti manja azioneka bwino, ndipo abambo akunyumba amubwereka awo a kumaliro.

"Mayi aang'ono, ndikuopa."

"Uziopa ukusita. Kolala usaiwale."

M'mawa bambo Alufandika anayesa kukonza kukamwa kwa paipi ndi hamala, koma anangoonjezera. Ndinaisiya komweko, akuti mpaka pano amayanikapo zovala. Mapaipi awiri otsalawo anakana kulowana bwino popanda yapakati, koma bambo Alufandika anati ndikawamanga ndi malegeni agwirana.

Lamulungu pa Nchalo magalimoto amayenda ngati nawonso apita kutchalitchi. Ndinaima pa siteji mpaka mabelu a Misa yoyamba analira, ine ndi eriyo yanga. Pomaliza inabwera pikapu yonyamula amayi a mvano opita ku Ngabu. Anandipanikiza pakati pawo, mapaipi atawagoneka m'mbali, ndipo anaimba njira yonse. Pa Miseu Folo mmodzi anafunsa za eriyo, nditayankha nkhani inayenda pikapu yonse, ndipo potsika pa Ngabu mtsogoleri wawo anaika dzanja pa chitenje chija n'kuipempherera. Ine Mkatolika ndinayankha amen mokweza kuposa onse.

Pa Ngabu ndinadikiranso. Minibasi yomwe inandinyamula inali ndi kondakitala wofatsa, koma mapaipi ndinawagwira ndekha njira yonse, phazi langa lili pamwamba pake. Ndinatsika pa Sorjini dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Akabaza anabwera gulu, koma kumudzi kwathu njira yake ndi mchenga, ndipo palibe amene anafuna mapaipi. Ndikuganiza zoyamba wapansi, ndinaona ngolo ikutembenuka, itangotsitsa matumba a munthu wina pamsewu. Woyendetsa anali bambo wachikulire wa chipewa cha mlaza, a Fombe.

"Kwa a Rozina? Kwerani. Ndi anansi anga. Ng'ombe zangazi zikalowa m'dimba mwawo amandikalipira ndi manja mpaka ndimamva manyazi."

Ng'ombe zake zinali zosadziwa kuti kuli nkhani za masana. Zinkayenda, kuima, kununkhiza udzu. A Fombe anati ngoloyo ndi yongothandizira, ntchito yawo yeniyeni ndi nsomba za m'dambo. Ndinawapempha kuti akwapule pang'ono. Anati Lamulungu sakwapula.

A Rozina ndinawaonera patali, ataima pa msewu dzanja pamphumi. Anali atavala chitenje cha kutchalitchi ndi bulauzi yoyera. Pabwalo anali atasesa, m'nyumba atayala mikeka, ndipo anansi anali atayamba kale kufika, poti anali atauza mudzi wonse. Tinakumbatirana. Kenaka anandikankha pang'ono kuti aone manja anga, n'kuloza mapaipi. Dominiko anali atawalembera kuti ndi atatu.

Ndinawafotokozera zonse, tayala, sipanala, kudumpha. Ndinkayembekezera kuti akhumudwa. Iwo anayamba kuyerekeza kondakitala akudumpha pa paipi, masaya akugwedezeka, mpaka anthu onse pabwalo anaseka. Atamaliza anandigwira tsaya n'kunena ndi manja kuti, "Wafika. Tiye tiyese."

Tinamanga mapaipi awiriwo ndi malegeni, eriyo pamwamba, kabusita m'munsi mwake, kebulo kudzera pa zenera. Amuna anaimika n'kutsamiritsa pa nsanamira ya khonde. Inapitirira denga, koma mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba unali ukadali pamwamba pake. Ndinadina paja anandionetsa a Chikopa. Mzere wapamwamba unadzadza. Wapansi unkangotuluka pang'ono n'kubwerera. Pa TV panali kwaya ikuimba, mawu akumveka modukaduka, ndipo bambo wina kumbuyo anati, "Ikugwiratu imeneyi." A Rozina anayang'ana manja a oimba atauma m'mwamba osawombana, n'kupukusa mutu. Tinazungulitsa mbali zonse, osasintha.

Bambo wina anati tidule mango. A Rozina atamva kwa ine anamuyang'ana diso limodzi, nkhaniyo inathera pomwepo. Mtengowo anabzala ndi mayi athu.

A Fombe anachoka osatsanzika. Ndinaganiza kuti atopa nafe. Posakhalitsa anatulukira atasenza nsungwi yaitali, yakuda ndi madzi, yosalala chifukwa chogwiridwa, imene amakankhira bwato m'dambo.

"Mawa m'bandakucha ndikuifuna," anatero. "Koma lero ndi yanu."

Tinatsitsa zonse. Eriyo tinaisamutsira kunsonga kwa nsungwi, tsinde la nsungwi tinalimanga ku paipi yapamwamba ndi malegeni otsala, ena anawonjezera luzi. Kuimika kunali ntchito. Inkawerama uku ndi uku, amayi akugwira pakamwa, koma inaima, ndipo eriyo inatulukira pamwamba pa masamba a mango. A Rozina analowa m'nyumba ndi beseni ndi chipande. Anandiuza kuti ndisavutike ndi mizere, iwo aziyang'ana manja a kwaya, akayenda bwino amenya beseni.

Ine ndi a Fombe tinagwira paipi. Tinazungulitsa pang'ono, kuima, kudikira. Zii. Tinazungulitsanso, kudikira. Thukuta linkalowa m'maso. Tinadutsa mbali ya ku Blantyre popanda kanthu, ndipo mtima unayamba kugwa. Tinapitirira, eriyo n'kuloza chammbali kutsata chigwa, kumene ine sindikanaganizako. Tikudikira pamenepo beseni linalira, ndipo silinalire kamodzi. A Rozina analimenya mpaka nkhuku zinabalalika.

Tinamanga paipi ku nsanamira mwamphamvu. Koma mphepo ya masana inali itayamba, ndipo ikawomba nsungwi inkapotoka pang'ono. A Fombe anakumbatira paipi ndi manja onse awiri, phazi limodzi kutsogolo ngati ali m'bwato.

"Lowani mayi. Ine nkhani ndikamva kwa anthu."

M'nyumba munali modzadza ndi motentha, ana kutsogolo, akuluakulu m'mbali mwa khoma. A Rozina anali atandisungira malo pa mkeka pafupi nawo. Kwaya inatha, panabwera zotsatsa malonda, kenaka ng'oma ya nkhani. Anaoneka bambo wa jekete atakhala pa tebulo, n'kupereka moni. Pakona yakumanja m'munsi panatseguka kabokosi, ndipo munali Dominiko, m'malaya akuda a abambo akunyumba, akumukulira m'mapewa.

Anthu anafuula dzina lake. A Rozina sanatembenuke. Anasendera kutsogolo ndi mawondo mpaka nkhope yawo inayandikira pakona ija. Poyamba manja a mwana anali olimba. Atadutsa nkhani yoyamba anamasuka, nkhope inayamba kuyenda limodzi ndi manja, nsidze kukwera, milomo kufufuma, ndendende momwe amachitira amayi ake akamafotokoza za mtengo wa thonje.

Mphepo inawomba. Chithunzi chinauma, dzanja la Dominiko lili m'mwamba, nkhope n'kusweka timabokosi. Ndinamva a Fombe panja akubuula, paipi ikulira pa nsanamira. A Rozina sanaphethire. Kenaka dzanja lija linatsika, mwana n'kupitiriza.

Pamenepo ine chimwemwe chinandisefukira, ndipo ine chikandisefukira ndimafuna kulankhula. Ndinawagwira a Rozina paphewa. Ndinkafuna kuwauza kuti malayawo ndi a alamu awo, kuti dzulo amaopa, kuti taonani kolala wasita bwino. Sanatembenuke. Ndinawagwedezanso, n'kuyamba kuponya manja anga pafupi ndi nkhope yawo. Ndinali nditaiwala kuti iwo kuti andimve ine, ayenera kuchotsa maso pa iye.

Anagwira manja anga onse awiri osandiyang'ana, n'kuwapanikiza pamiyendo pawo. Kenaka anatulutsa dzanja limodzi, maso ali pa kabokosi pomwepo, n'kundiuza mwachidule:

"Khala chete. Mwana wanga akulankhula."

Dzanja lija analibweza pamwamba pa anga, ndipo anandigwira choncho mpaka nkhani zinatha.